Ndinkati Zili Bwino Mwana Wanga Akutupa

Mwana wanga anatsala pang'ono kufa ndi njala m'nyumba imene munkalowa ufa wa phala mwezi uliwonse, ndipo ine mayi wake, amene ndinkaona zonse ndi maso angawa, ndinkagwada n'kumauza anthu otithandizawo kuti zili bwino. Ndalemba izi kuti inu owerenga, makamaka inu amene mumathandiza atsikana obereka ali aang'ono, mudziwe zimene zimatsala zikuchitika mukakwera njinga zanu kubwerera kwanu.

Kwathu ndi cha ku Kabudula. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, choncho ine ndi amayi tinkakhala m'manja mwa amalume, eni mbumba. Ndinatenga mimba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ndili Sitandade 7. Mwini mimbayo anali Levisoni, mnyamata wa cha ku Nsaru amene ankabwera m'mudzi mwathu kudzagula mtedza. Sindibisa, anandikola ndi sopo wonunkhira ndi mandasi a tsiku la msika. Mukafuna kuseka sekani, koma funsani kaye mtsikana amene wakhala akusamba madzi okhaokha chaka chonse.

Amalume atamva sanafunse zambiri. Anali munthu wolemekezeka kutchalitchi, ndiye anati manyazi otere sangagone pakhomo pawo. Anandikweza pa njinga kukanditula kwa makolo a mnyamatayo, monga amachitira ambiri kwathu kuno mtsikana akatenga mimba ya pathengo. Anandisiya pakhonde ndi kathumba ka zovala, n'kuuza eni nyumba kuti mwana wawo ndiye waononga, asamale okha. Levisoni sanachedwe. Anati akupita kukafuna ntchito kumaesiteti a fodya ku Kasungu, ndipo mpaka lero akanafunabe ntchitoyo. Ndinatsala ndi amayi ake, aNambewe, amene ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, Esinati, pamodzi ndi ana ake atatu.

Mimba itakula anandiitanira amayi akuluakulu kuti adzandilangize. Ananena zambiri, koma zimene anabwereza mpaka zinandilowa m'mafupa ndi izi: za m'nyumba saulula, mtengwa sayankha apongozi, banja ndi kupirira. Ine ndinali mwana, ndinameza zonse osatafuna. Banja lake liti, poti mwamunayo kunalibe, palibe anandiuza. Ndinkatunga madzi, kulima, kusoka fodya m'chigafa, ndipo podya ndinali womalizira. Apongozi ankandikumbutsa pafupipafupi kuti sanandiitane, ndipo tsiku limene ndidzapite kwathu adzapha nkhuku.

Ndinabereka mwana wamwamuna, ndinamutcha Mphatso. Ali wakhanda, kunabwera gulu la amayi a m'deralo amene ankayendera atsikana ngati ine. Ankawatsogolera ndi Mayi Kamwendo, mphunzitsi wopuma ntchito, mayi wamfupi wonenepa amene ankafika pa njinga thukuta lili kamukamu koma akuseka. Anati azitipatsa ufa wa soya wa phala, mafuta ophikira ndi sopo mwezi ndi mwezi, kuti mwana akule bwino, ine ndidzabwerere kusukulu. Poti ndinali wosakwana zaka, zinthuzo ankazipereka m'manja mwa wamkulu wondiyang'anira. Wamkuluyo anali apongozi.

Kuyambira pamenepo nkhani ya nkhuku ija inazimiririka. Apongozi anayamba kunditchula kuti mwana wanga pamaso pa anthu, ndipo ine mwa uchitsiru wanga ndinayesa kuti mtima wawo wafewa. Sindinadziwe kuti ndasanduka ng'ombe ya mkaka, ndipo ng'ombe ya mkaka saitaya.

Tsiku lobwera alendo linkadziwika. Ankandiuza kuti ndisambe, n'kundibwereka chitenje cha Esinati. Mphatso ankamudzoza mafuta mpaka kunyezimira. Ankayala mphasa yatsopano pansi pa mtengo wa mango, apongozi n'kutsegula ndi pemphero lalitali loti ngakhale abusa akanachita nsanje. Kenako Mayi Kamwendo ankatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, “Nanga iwe mwanawe, zikuyenda?” Apongozi ali pambali panga, bondo lawo likukhudza langa. Ndinkagwada, maso pansi, n'kuyankha monga anandilangizira kuti, “Zili bwino, amayi.” Alendowo ankayamikira ulemu wanga, n'kumauzana kuti mtsikanayu anapeza apongozi a mtima wabwino.

Fumbi la njinga zawo lisanakhazikike, chitenje chinkabwerera kwa mwini wake, ufa n'kulowa kuchipinda kwa apongozi. Ufa wina ankaphikira ana a Esinati, wotsalawo unkapezeka pamsika wa Nsaru pamodzi ndi mafuta ndi sopo. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kupempha kaufa pang'ono. Apongozi sanakalipe n'komwe, anangondiyankha mofatsa ngati akundiphunzitsa kuti, “Mbumba yanga ndi ana a Esinati. Wakoyo ali ndi amalume ake ku Kabudula, akamudyetse ndiwo.” Inu owerenga mukudziwa kuti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Choncho mdzukulu wobadwa kwa mwana wawo wamwamuna anali mlendo pakhomopo, ngakhale kuti ufawo unkalowa m'dzina lake.

Ndinathawapo kamodzi. Ndinabereka Mphatso kumbuyo n'kuyenda wapansi mpaka kwathu. Amalume sanandilole ngakhale kukhala pansi. Anati anandipereka kale, ndipo kundilandira kungakhale kudzilavulira m'mwamba. Amayi anangoima kuseri kwa nkhokwe akulira, chifukwa munda umene ankalima unali wopatsidwa ndi amalume omwewo. Anandimangira mtedza wokazinga pansonga ya chitenje, basi. Tsiku lomwelo ndinabwezedwa pa njinga yomwe ija. Apongozi anandilandira ndi chenjezo: ndikadzangotsegula pakamwa kwa alendo, thandizo lidzatha, ine ndidzapirikitsidwa, ndipo mwana akadzafera panjira ndidzakhala ndamupha ndekha. Ndinawakhulupirira. Kwathu sankandifuna, kuno sankandilola kuchoka, ndipo anthu okhawo amene akanandipulumutsa ndinkawanamiza ndi pakamwa panga.

Poti ine ndinkadya mosakhuta, mkaka unayamba kuuma. Mphatso ndinkamupatsa phala la mgaiwa lamadzimadzi, lopanda ngakhale nsinjiro. Kusikelo anaona kuti mwana akutsika, koma apongozi ankandiperekeza n'kumayankha mafunso onse m'malo mwanga, kuti mwanayu ndi wokana kudya chibadwire. Anatipatsa chiponde choti azidya tsiku lililonse. Ndinkaona ana a Esinati akunyambita timapepala take kuseri kwa nyumba, wanga akuwayang'ana. Kufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi ndi kumeneko.

Kenako tsitsi lake linayamba kufiira ndi kuthothoka. Anasiya kukwawa, anasiya kuseka, ankangolira kulira kopanda mphamvu. Mapazi ndi masaya zinatupa. Apongozi atamuona anati limeneli ndi tsempho, matenda amene amati mwana amadwala kholo lake likayenda ndi munthu wina mosayenera. Anandizungulira ndi Esinati kuti ndiulule mwamuna amene ndikuyenda naye. Ine, amene ndinalibe ngakhale nthawi yopesa tsitsi! Anandiletsa kupita kusikelo kuti ndingawachititse manyazi, m'malo mwake anabweretsa mizu yoti ndizimumwetsa.

Alendo atabweranso, Mphatso anamukulunga m'shawelo kusiya nkhope yokha. Apongozi anauza Mayi Kamwendo kuti aone mmene mdzukulu wawo wanenepera masaya. Mayi aja anasangalala, anati phala likugwira ntchito. Anandifunsa funso la masiku onse. Mwana anali m'manja mwanga, ndinkamva kupuma kwake kobanika, mawu anafika pakhosi penipeni. Ndinayang'ana mphasa n'kunena kuti zili bwino. Pa zonse zimene ndinachitapo m'moyo wanga, ngakhale mimba imene ija, palibe chimene chimandiwawa ngati yankho la tsiku limenelo.

Chimene chinapulumutsa mwana wanga si nzeru zanga ayi, ndi maliro. Kunagwa zovuta m'mudzi woyandikana nawo, anthu onse a pakhomo anapita, ine anandisiya ndikusoka fodya. Mayi Kamwendo ankachokera kumaliro komweko, ndipo anangoganiza zopatuka kuti amwe madzi. Anandipeza m'chigafa ndili m'sanza zanga za masiku onse, Mphatso atagona pachiguduli wopanda shawelo. Anamuyang'anitsitsa mwanayo. Kenako anagwada, anadina phazi la mwanayo ndi chala, ndipo atachotsa chalacho panatsala dzenje losabwerera. Anandiyang'ana, nane pakamwa panga panayamba kale kunena kuti zili bwino, koma iwo anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mwanawe, pano tili awiri. Apongozi ako kulibe. Ndiuze.”

Ndinalira ngati ndine wakhanda. Ndinanena zonse, za ufa, za chiponde, za chitenje chobwereka, za amalume. Mayi aja anakhala pansi m'fumbi la fodya, nawonso misozi ili mbwembwembwe, akungobwereza kuti, “Ndiye miyezi yonseyi ndimadyetsa ndani ine?” Sanadikire munthu. Anandikweza pa njinga yawo, mwana ali kumbuyo kwanga, mpaka kuchipatala. Kumeneko anatigoneka nthawi yaitali. Anamwino anandiuza kuti si tsempho, ndi njala, ndipo tikanachedwa pang'ono tikananyamula mtembo.

Titatuluka, gulu lija linanena kuti thandizo lizifikira m'manja mwanga. Apongozi atangomva, anamanga zovala zanga n'kuziponya pabwalo, amvekere mtengwa woulula za m'nyumba ndi mfiti. Mayi Kamwendo anandiperekeza okha kwathu, ndipo anakhala pakhonde la amalume osasuntha mpaka amalumewo, poopa kuti nkhani ifika kutchalitchi, anavomera. Manyazi amene ananditulutsa pakhomopo ndi omwewo anandibwezapo. Kusukulu sindinabwererenso, chifukwa Mphatso ankadwaladwala ndipo panalibe womusiyira. Lero ndimagulitsa tomato ndi zitumbuwa m'mbali mwa msewu.

Inu makolo ndi amalume, mwana wanu akalakwa mukalipireni, koma musakamutule. Kumene mukumusiyako alibe womulankhulira, ndipo mwana amene adzabereke ndi mbumba yanu, si ya kumeneko. Inu anankungwi, pophunzitsa kupirira muziwauzanso atsikanawa polekezera, kuti mwana akayamba kufota ulemu umayamba waima. Inu atsikana anzanga, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Palibe amene adzalote mavuto anu, ndipo amene akukuopsezani kuti mukhale chete ndiye amene akudya chifukwa cha kukhala chete kwanuko.

Ndipo inu a mtima wabwino amene mumanyamula ufa ndi sopo kupita kumidzi, Mulungu akudalitseni, sindikukunyozani. Koma musamatumize uthenga wa tsiku lobwera. Fikani mwadzidzidzi, mutengeni mtsikanayo mupite naye kuchitsime kapena kudimba, mumufunse ali yekha, ndipo akayankha msanga mufunseninso. Mwanayo mumuvule, mumuone thupi lonse ndi maso anu. Thandizo lopatsira munthu wolakwika limasanduka chingwe chomangira amene mumafuna kumumasula.

Mphatso ali moyo, ndipo ndimathokoza. Koma njala ija inamusiyira chipsera chimene sichioneka pakhungu. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma akaima pakati pa ana a Sitandade 1 simungamusiyanitse. Wakhala akubwereza Sitandade 2, ndipo zimene waphunzira lero mawa waiwala. Kuchipatala anandiuza mosabisa kuti zimene mwana wataya m'zaka zoyambirira sizibwerera zonse. Chaka chatha, mayeso atatuluka, anabwera n'kukhala pafupi ndi lichero langa la tomato. Kenako anandifunsa kuti, “Amayi, kodi ine ndinalakwa chiyani kuti mutu wanga usamagwire ngati wa anzanga?” Ndinamukumbatira n'kumuuza kuti iye sanalakwe chilichonse. Sanandifunse kuti nanga analakwa ndani, koma akukula, ndipo tsiku limene adzafunse ndilo ndimaliopa.