Nthenga za nkhanga pamwamba pa Inasiyo

Ndikukumbukira chaka chimene anabadwa mlongo wanga Inasiyo kwathu ku Mualadzi, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anabadwa masiku asanakwane, wochepa moti ankakwana m'lichero. Inali nyengo yokolola, choncho amayi atangolimba thupi anabwerera kumunda wa kuseri kwa nyumba, ine n'kukhala mlezi. Kusikola ndinkapita mwa apo ndi apo.

Mwanayu anali ndi kachitidwe kamene kankandidabwitsa. Ukamuweramira, maso ake ankangodutsa pa iwe ngati palibe munthu. Atakwanitsa miyezi itatu, azimayi pachitsime anayamba kunong'onezana kuti mwana wa kwathu saona. Ndinamva ndekha ndikutsuka ndowa, ndipo mtima unandiwawa ngati andinena ine.

Tsiku la sikelo tinapita naye kuposito, kachipatala kakang'ono ka kwathu. Anamwino, amene tinkawatchula kuti aenfermera, anamuyeza n'kunena kuti ana obadwa msanga nthawi zina amachedwa pang'ono. Anati timupachikire kanthu pamwamba pamene amagona, kutalika kwa mkono, pamene sangakafikire, ndipo tizimuyang'ana m'maso. Akapanda kukalondola pofika sikelo yotsatira, tidzapite naye kuchipatala chachikulu ku Tete. Ku Tete amayi anali asanafikeko chibadwire.

Ntchitoyo inagwera ine. Ndinatenga kabango, n'kusolola ulusi wa thumba la chimanga, n'kumangirira pa mtanda wa pakhonde, pamwamba pa mphasa yake. Poyamba ndinaboola zitsekerero za mabotolo ndi msomali n'kuzipachika pakabangopo. Mphepo itaziwomba zinalira kuti ngwe ngwe, Inasiyo n'kutembenuka. Ndinathamangira kumunda kukawauza amayi, koma ndili pakati pa mapesi ndinaima. Kodi watembenukira chimene waona, kapena chimene wamva? Ndinabwerera, n'kugwedeza zitsekererozo kuseri kwa mutu wake. Anatembenukanso. Makutu analipo ndithu, koma funso langa silinayankhidwe.

Kuyambira pamenepo ndinkapachika zinthu zosalira zokha. Duwa la dzungu linafota dzuwa lisanafike pamutu. Chitsononkho sanachilabadire. Masana ena, nditatopa, ndinagona pamphasapo pambali pake, mutu wanga pafupi ndi wake. Ndimamvabe fungo lake la mkaka ndi la fumbi la mphasa. Nditayang'ana kumwamba ndinaona kuti zonse ndinkazikongoletsa kwa munthu woimirira. Wogona chagada ankangoona kunsi kwake, timadontho totuwa tosiyana pang'ono ndi udzu wa denga umene unada ndi utsi.

M'mawa mwake ndinatola nthenga za nkhanga kukhola la oyandikana nawo, zija zakuda za mawanga oyera. Ndinazimanga mopingasa kuti mawangawo ayang'ane pansi, pakati n'kuikapo kansanza kofiira ka kapulana, chitenje chakale cha amayi. Ndinauzira mpweya pang'ono, nthengazo n'kuyamba kuzungulira mwakachetechete. Inasiyo anasiya kuyamwa chala. Maso ake anakakamira nthenga imodzi, n'kuyenda nayo mpaka kumanzere, n'kuitaya, n'kuipezanso. Timiyendo tinayamba kupalasa. Ndinauziranso kanayi konse ndisanakhulupirire. Amayi atabwera kudzamuyamwitsa ndinawaonetsa. Anakhala pansi, mankhusu a chimanga ali m'tsitsi, n'kuuzira okha mpaka mwana analira ndi njala.

Koma nthenga ndi nsanza yofiira zolendewera pamwamba pa khanda sizinthu zodutsa osaziona. Wina anakanena kutchalitchi kuti pakhomo pathu, ife Akatolika, pali chithumwa. Loweruka anabwera akatekisita, bambo Bonifasiyo, atakwera njinga, nkhope ili gwa.

"Mayi, ichi mwachitenga kwa sing'anga uti?" anafunsa.

Amayi anandiloza. "Sing'anga wake ndi uyu. Mufunseni nokha, bambo."

Ndinagwada n'kuwapempha kuti auzire nthengazo. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anaweramira pamphasa n'kuuzira. Maso a Inasiyo analondola nthenga ulendo umodzi, kenaka anazisiya n'kutera pa magalasi a akatekisita amene ankang'anima ndi dzuwa. Anawayang'anitsitsa, n'kumwetulira ndi nkhama zake zopanda dzino. Kanali koyamba kumwetulira munthu. Bambo Bonifasiyo anayendetsa mutu uku ndi uku, mwana n'kumawatsata, mpaka anaiwala chimene anadzera. Pochoka anandifunsa ngati nthenga za nkhuku zingagwirenso ntchito, pakuti mkazi wawo anali woyembekezera.

Ku Tete sitinapite. Pa sikelo yotsatira aenfermera anayendetsa cholembera pamaso pake, iye n'kuchilondola, ndipo anati ndizisinthasintha zopachikazo kuti asazizolowere. Inasiyo atayamba kutambasula manja ndi kudzikweza, ndinazimasula zonse kuopa kuti ulusi ungamukole.

Lero ndimakhala ku Chifunde. Pamsika ndimaona zopachika za pulasitiki zamitundumitundu, zina zoimba nyimbo zokha, ndipo palibe amene amazitcha chithumwa. Azimayi amauzidwa za zimenezi kusikelo mwana akadali wa masiku. Atsikana a msinkhu umene ndinali nawo ambiri amakhala ali kusikola, ndipo ine amene ndinatsalira m'kalasi chifukwa cholera mwana sindingadandaule nazo. Chimene ndimadzifunsa ndi china. Mnzanga wina anagulira mwana wake chopachika chokongola kwambiri, ndipo nditamufunsa kuti mwanayo amakonda kuyang'ana kati pa tonse tija, anaganiza kanthawi n'kunena kuti sakudziwa. Ndinamukoka dzanja, tonse awiri ndi ukulu wathuwu n'kugona chagada pansi pambali pa mwanayo, kuti tione.