Ndakatulo ya Mfumu ya Agiriki pa Tebulo Langa

Ndili m'kalasi momwe ndinkaphunzitsa kale, koma denga palibe. Pabenchi lakutsogolo pakhala mfumu yankhanza ya Agiriki akale, ija olemba mbiri amati inkalemba ndakatulo n'kumatumiza onse ozinyoza kukaphwanya miyala. Yafunda nsalu yoyera, ndevu zikufuka utsi, poti imaopa lumo ndipo amaimeta ndi khala lamoto.

Ikundipatsa kope lake. "Aphunzitsi, tandichongerani."

Pawindo ndikuona malemu amuna anga ali pamulu wa miyala, nyundo ili m'manja. Akulankhula osatsegula pakamwa: "Amake Chisomo, ingolembani kuti wakhoza, angakubweretseni kuno."

Ndakatuloyo ndi yosakoma, mawu akuyoyoka papepala ngati nyerere zakufa. Ndikufunadi kuwamvera amuna anga, koma dzanja linazolowera. Cholembera chofiira chikukhwatcha mzere woyamba, wachiwiri, mpaka pansi, kenako chikulemba chokha: "Bwerezanso. Undipeze pa buleki."

Mfumu ikulira mwakachetechete, misozi ikuzimitsa ndevu. Asilikali ake akundipatsa nyundo yopepuka ngati choko. Kumiyala kuja amuna anga akupukusa mutu, akusendera kuti ndikhale.

Ndadzuka ndikumwetulira, dzanja likupapasa mbali yozizira ya bedi.