Mathithi a m'Bafa ku Dambwa

Anandilanda basale yondilipirira fizi ndili chaka chachitatu ku yunivesite, maphunziro anga a zoyeza malo n'kuthera pomwepo. Mutinta, yemwe tinkakhala benchi imodzi, anapitiriza. Lero ali ku Antarctica, pa siteshoni ya dishi yaikulu imene imatchera khutu ku nyenyezi zakutali pamodzi ndi madishi a m'mayiko ena, kuti adziwe mmene nthaka ya dziko ikusunthira. Ine ndimakonza mafoni pa msika wa Maramba.

Itafika miyezi yawo ya mdima, anapukwa kwawo n'kunditumizira uthenga: "Iwe Lubinda, kuno ni ayezi na mphepo chabe. Nijambulileko kulila kwa Mosi-oa-Tunya, nayewa kunyumba."

Mathithiwo ali pafupi, koma nsanje inandimanga miyendo. Ndinalowa m'bafa kwathu ku Dambwa, n'kutsegula mpopi kuti uzikhuthukira m'beseni lachitsulo, n'kujambula phokosolo. Ndinatumiza.

"Nimamvela masiku onse nikalibe kugona," anayankha. "Ndiwe weka wanikumbukila."

Munthu woyeza kusuntha kwa dziko akugonekedwa ndi mpopi wa alandilodi. Sindinamuuzebe, chifukwa palibenso wina amene amandilembera. Kwa iye ndili ndi ngongole ya mathithi enieni. Kwa ine, eni basale akadali ndi ngongole ya chaka chimodzi.