Khoma Lolankhula la ku Ofesi ya Ziphaso

Lolemba lina akuluakulu a ofesi ya ziphaso analengeza, mwaulemu wonse woyenera, kuti kukuwa m'chipinda chodikirira kwathetsedwa. Anati ofesi yagula kachipangizo kamakono, kofanana ndi chivindikiro cha botolo, komata pakhoma lathabwa. Kakamanjenjemera, thabwa lonselo limasanduka sipika. Kalaliki azingotchula dzina pamayikolofoni, khoma lizilankhula, anthu azithandizidwa mwabata ndi mwachangu.

Onse anawomba m'manja kupatula a Lipenga.

A Lipenga anali mesenjala, ndipo kuyambira ali ndi tsitsi lonse ntchito yawo inali yoitana mayina. Kusukulu sanapite patali, koma mawu awo ankapita. Akati "Wotsatira", ngakhale wogulitsa nthochi kunja kwa mpanda ankadzidzimuka. Mkazi wawo anam'peza pamzere wa ziphaso womwewo. A Lipenga amati mayiwo anakopeka ndi mawu. Mayiwo amati ankangofuna chiphaso chituluke msanga.

Tsopano anauzidwa kuti mwezi ukatha khoma likugwira bwino, adzasamutsidwira kunkhokwe ya mafayilo, kumene munthu amacheza ndi mphemvu zokha. Podikira, anawapatsa ketulo kuti aziphika tiyi.

Mawu akasowa ntchito amafuna potulukira. Kunyumba a Lipenga anayamba kuitanira ana kuchakudya mmodzimmodzi, dzina loyamba ndi la bambo lomwe.

"Bambo a ana, tonse tili m'chipinda chomwechino," anatero mkazi wawo. "Ngati kukhosi kukuyabwa, pitani mukapikisane ndi thabwa lanulo."

"Thabwa lija silidziwa munthu. Lingadziwe kuti agogo awa ndi ogontha, liwabwerezere?"

"Inu mumabwerezera ngakhale akumva."

Khoma linalankhuladi, momveka bwino mpaka a Lipenga anachita manyazi. Koma amene anadzamata sanafunse kuti kuseri kuli ndani. Thabwa likamanjenjemera silisankha mbali, ndipo kuseriko kunali ofesi ya bwana wamkulu, mpando wawo utatsamira khoma lomwelo. Dzina lililonse linkawalowera pamsana. Supuni inkalira m'kapu. Kusinkhasinkha kwawo kwa masana, kumene amachita atatseka chitseko ndi maso, kunasokonekera.

Kumatula kachipangizoko sikukanatheka, popeza bwana anali atajambulitsa kale akudula riboni patsogolo pake. Choncho analamula kuti mawu atsitsidwe. Kalaliki anatsitsa. Supuni inalirabe. Anatsitsanso, n'kutsitsanso, mpaka bwana anati tsopano makina akugwira bwino.

Mawa lake anthu anakhala pamabenchi mmawa wonse akuyang'ana khoma likulira ngati udzudzu. Kalaliki anatchula mayina onse, palibe anadzuka. Mayi wina anafunsa ngati ofesi ili pamaliro. Posakhalitsa onse anaunjikana pawindo, aliyense akukuwa dzina lake yekha, phokoso n'kufika kwa bwana kudzera pachitseko.

Bwana anaitanitsa a Lipenga, amene analowa ndi ketulo.

"A Lipenga, makutu anu akadali bwino?"

"Amamva, bwana. Kungoti mphatso yanga ili chapansi pang'ono."

"Siyani ketuloyo. Kuyambira lero ndinu wothandizira makina."

"Nanga kunkhokwe, bwana?"

"Mafayilo sathawa."

Masiku ano mukapita kumeneko mukawapeza atagunditsa khutu pathabwa, nkhope ili duu ngati dokotala womvetsera chifuwa. Khoma likanong'ona dzina, iwo amatembenuka n'kulikuwa kawiri.