Chingwe cha Pamkono

Mumsewu wathu aliyense ankangowatchula kuti a Telala. Anali mayi wamfupi, wojintcha, woseka ndi thupi lonse. Zaka zawo zambiri anathera pamakina osokera, m'kachipinda kopanikizika pakati pa shopu ya mafoni ndi yometera. Kuthamanga sankakufuna n'komwe. Ankati munthu wamkulu akamathamanga popanda galu pambuyo, ndiye kuti mutu wayamba kubalalika.

Mawuwa ankanyogodolera achimwene awo, bambo wamtali, woonda ngati nsungwi, wokonza mapaipi a madzi. Kuyambira unyamata wawo, bamboyu ankalawirira mbandakucha kukathamanga asanapite kuntchito. Mpikisano sanapambanepo ndi umodzi womwe. Ankangobwerako ndi zikhadabo zakuda zakuphazi, kabudula atang'ambika, koma nkhope ikuwala ngati wakwatira kumene. Kabudulayo ankamutula pamakina a mlongo wawo.

Kenako matenda a shuga anawalowa m'maso. Anayamba kulephera kuwerenga mita ya madzi, kenako nkhope za anthu, mpaka kunangotsala chifunga. Ntchito inathera pomwepo.

Tsiku lina akazi a bamboyo anafika kushopu kwa a Telala, n'kukhala pa mulu wa nsalu.

"Alamu, achimwene anu akundimvetsa chisoni," anatero. "Za maso sadandaula ayi. Koma m'mawa uliwonse amadzuka nthawi yawo ija, kuvala nsapato zothamangira, kumanga zingwe bwinobwino, n'kungokhala pabedi mpaka kunja kuche."

Alamu awo atapita, a Telala anatola tizidutswa ta nsalu pansi pa tebulo, n'kuluka chingwe chachifupi chokhala ndi pokolowekera dzanja uku ndi uku.

M'mawa mwake anagogoda kwa achimwene awo atavala buluku la amuna awo ndi nsapato zakusukulu za mwana wawo wamkazi.

"Dzukani achimwene, tiyeni."

"Kuti?"

"Kumisala yanu ija."

"Iwe? Iwe amene umapuma wefuwefu ukangokwera masitepe atatu?"

"Bweretsani mkono kuno, musanditayitse nthawi."

Tsikulo sanafike ndi pamphambano pomwe. A Telala anagwira mpanda, mtima ukugunda ngati ufuna kutulukira kukamwa. Koma mawa lake anabweranso, mkuja nawonso.

Kuthamanga kunali kovuta, koma kuyankhula kunaposa. Ankayenera kunena chilichonse chisanafike: dzenje, mwala, njinga, kwezani phazi. Vuto linali loti dzanja lamanja ndi lamanzere ankazisokoneza chibadwire. M'mawa wina anakuwa kuti "kumanja!" akutanthauza kumanzere, ndipo onse awiri anangoti khuu m'ngalande youma. A Telala anadzuka akupapasa mawondo a achimwene awo. Anangomva bamboyo akuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, koyamba chiyambireni matenda.

"Chemwali, wakhungu ndani pakati pa ine ndi iwe?"

Kuchokera tsikulo anasiya za manja ndi manzere. Ankangoti "kwanga" kapena "kwanu".

Achimwene aja anawaphunzitsa zonse zimene ankadziwa: kuponda timasitepe tating'ono, kupuma mosathamangira, kupaka mafuta m'ntchafu kuti zisanyuke, kumwa madzi ludzu lisanabwere. A Telala nawo anabweza ndi luso lawo. Anasoka lamba wa timatumba woikamo botolo ndi maswiti, poti shuga wa achimwene ankatha kutsika ali panjira. Anaphwasula masokosi n'kuwasokanso msoko uli kunja, kuti mapazi a wodwalayo asachite zilonda. Makasitomala anayamba kuona kuti madiresi a telala wawo akukhwepa, ndipo mnzawo wometa ankawafunsa ngati apeza chibwenzi.

Itakwana nthawi ya mpikisano wautali wa mumzinda, achimwene anati, "Ine zaka zonsezi sindinajombepo. Koma ukakana sindikwiya."

"Ndakana liti?" anayankha a Telala.

Anayamba bwino, ali kumbuyo kwenikweni kwa gulu. Dzuwa litakwera, anthu anabalalika, msewu n'kutsala wa awiriwo. Atafika pachitunda chachikulu chakumapeto, miyendo ya a Telala inasanduka mitengo. Anaima, chingwe n'kukungika.

"Achimwene, ndatha ine. Ndikupezereni wina akufikitseni."

"Wina ndani? Ine ndabwera ndi iwe." Anafufuza phewa la mlongo wawo n'kuligwira. "Tamvera. Chitunda ichi ndimachidziwa ndi mapazi. Chimanamiza, chimaoneka ngati sichitha, koma ukangodutsa pogulitsira mafuta a galimoto paja, chimagona chokha. Iwe uzingondionera njira. Zinazo undisiyire."

Achimwenewo anatulutsa switi imodzi m'lamba muja, n'kuwapatsa mlongo wawo. Ananyamukanso pang'onopang'ono, mlongo akunena maenje ndi mawu osasa, mchimwene akunena zimene zili kutsogolo: apa pali kamlatho, apa mphepo iyamba kutiwomba kumaso, apa usayang'ane pamwamba. Zonse zinali momwemo.

Pofika pomalizira, antchito anali akugwetsa matenti.

"Kuli anthu?" anafunsa achimwene.

A Telala anayang'ana uku ndi uku. Anafuna kunama kuti bwalo ladzaza, koma anali asanawanamizepo chilichonse panjira.

"Kuli alamu. Kuli amayi osesa. Ndi galu."

"Basi, akwana amenewo."

Alamu analulutira okha mpaka osesa aja anasiya matsache n'kuwathandiza.

Mpaka lero awiriwa amadutsa pamsewu wathu kunja kukungoyera, akukangana za liwiro. Koma chimene alamu amakonda kusimba ndi chimene chinachitika atangomaliza mpikisano uja. A Telala anakhala pansi m'mbali mwa msewu, msana utauma moti sakanatha kuwerama. Achimwene awo anagwada, n'kufufuza mapazi awo ndi manja. Anamasula zingwe, kuvula nsapato imodziimodzi, n'kumayendetsa zala mofatsa mpaka anapeza thuza lalikulu kuchidendene.

"Lakhala likukupweteka kuyambira kuti?"

"Kuyambira pamlatho woyamba uja."

"Osanena bwanji?"

"Ndinali wotanganidwa ndi maenje anu."

Bamboyo anangokhala chigwirire phazilo m'manja mwawo, mpaka alamu anabwera ndi madzi.