Saladi ya Zelifa ndi soda wa apongozi

Ku Nambuma kulibe munthu wodula kabichi mopyapyala ngati Zelifa. Pa tsiku la mphepo amayamba watseka chitseko, kuopa kuti ndiwo zingaulukire ku Kabudula. Luso limeneli analitenga ku tauni, komwe anaphika zaka zinayi kunyumba kwa dokotala wina. Anabwerako ndi mpeni umodzi, botolo lotsekeka bwino, ndi chikhulupiriro chakuti banja losadya saladi Lamulungu masana likudzifunira lokha matenda.

Msuzi wothira pa saladiyo amapanga yekha: mandimu awiri, mafuta ophikira, mchere, kauchi pang'ono ndi adyo wosinja. Akayamba kukhutchumula botololo, nkhuku za mudzi wonse zimathawira kudambo.

Mwamuna wake Rodrick, mkamwini wofatsa wa ku Nsaru, amadya osadandaula. Koma mbiri inafika kwawo yoti akudyetsedwa masamba osaphika ngati mbuzi. Mayi ake, a Helena, anatumiza mawu kuti abwera Lamulungu kudzadzionera okha, ndipo akapeza kuti n'zoona, nkhaniyi ikathera kwa ankhoswe.

Zelifa sanafune kubisa kanthu. Analawirira kudimba, nabwera ndi kabichi, matimati, anyezi ndi nkhaka. Anadula, nathira msuzi wake, navindikira beseni ndi nsalu yoyera. Mpunga ndi nkhuku zitapsa, banja lonse linapita ku Misa.

A Helena anatsika pa kabaza anthu akadali m'tchalitchi. Analowa kukhitchini, navundukula beseni lija. Chomwe chinawagwira sichinali mkwiyo ayi, chinali chisoni: mwana wa eni ake nthawi yamuthera, ndiwo wangodula osatereka. Anasonkha moto, nakhuthulira zonse mumphika, nathira madzi ndi nsinjiro. Kenaka, monga achitira mayi aliyense wodziwa kufewetsa masamba, anathira soda wodzadza supuni.

Soda atakumana ndi mandimu, mphika unalusa. Thovu linakwera, linazimitsa moto, linatuluka pakhomo, ndipo akabaza amalumbira kuti tsiku limenelo ankadutsa pamsewu atakwinya mathalauza.

Zelifa anatsogola kubwera, napeza apongozi ake akumenya thovu ndi mthiko, chitenje chili chonyowa, mpango utapendekeka. Chiseko chinamufika pakhosi. Anadziwa kuti akangochitulutsa, ankhoswe afika dzuwa lisanalowe. Anachimeza, nagwada, nawalonjera bwinobwino ngati palibe chachitika.

"Amake Mayamiko, ndiwo zanuzi munaikamo chiyani?" anafunsa a Helena akupuma mwawefuwefu. "Ndaphika masamba zaka makumi anayi, sanandiukirepo."

"Si inu ayi, amayi. Soda wa masiku ano ndi waukali."

Zelifa anatseka chitseko kuti Rodrick ndi ana asaone. Awiriwo anakolopa pansi mwakachetechete, ndipo za mumphika zija zinatulukira kuseri kupita kukhola la nkhumba. Zelifa anatenga kabichi yotsala, mpeni unayamba kulira. Atafinya mandimu ena m'botolo, anauza apongozi ake kuti dzanja lake latopa, amuthandizeko kukhutchumula. A Helena anagwira botolo ndi manja awiri monga agwirira munsi, nalikhutchumula mpaka malata anagwedera.

Pa nthawi ya chakudya, Rodrick anatapa saladi, natafuna, nafunsa chomwe chasintha pamsuzi lero, popeza wakoma kuposa masiku onse.

"Apanga ndi amayi," anayankha Zelifa, maso ali pambale yake.

A Helena anayang'ana mwana wawo, nayang'ana beseni. Kukaneneza kwa ankhoswe chakudya chimene apanga ndi manja awo kunali kovuta. Kufotokoza chomwe anayamba kupanga asanagwire botolo kunali kovuta kuposa pamenepo. Anatapa kabichi pang'ono, naika m'kamwa atatsinzina ngati akumeza mankhwala a malungo. Kutafuna kwawo kunamveka mpaka ku Mpingu. Anatapanso kachiwiri, ulendo uno maso ali otsegula.

Powaperekeza kumsewu, Rodrick anafunsa motsitsa mawu ngati ayembekezere ankhoswe. A Helena anati anthuwo ali ndi ntchito kumunda, asavutitsidwe ndi nkhani za kabichi. Atakwera kabaza anatembenukira kwa Zelifa.

"Koma Lachitatu muzimuphikirako nkhwani mwanayu. Mano ake nawonso azipuma."