Lezala la Apongozi

Mwana wanga woyamba anabadwira m'nyumba ya apongozi ku Lifuwu, nyengo yowokera mpunga, msewu utadzaza madzi. Analira bwino, anayamwa bwino, koma maso sanatsegule. Nditamuyang'anitsitsa ndinaona tiulusi tanyama tolumikiza chikope cham'mwamba ndi cham'munsi. Kuseri kwake diso linkayenda uku ndi uku ngati likufuna potulukira.

Tinali m'chikuta, ndipo kwathu mwana satuluka panja mchombo usanagwe. Amayi ena oyandikana nafe anati ndidonthezemo mkaka wam'mawere. Ndinadontheza mpaka masaya ananyowa, koma palibe chinasintha.

M'mawa wina apongozi analowa ndi lezala latsopano, likadali m'pepala lake. Iwo ndi ogulitsa nsomba, manja awo sanjenjemera.

"Bweretsani kuno, amake mwana. Ndang'amba chambo zaka zonsezi, ndingalephere kaulusi?"

Chikwatiwire ndinali ndisanawauzepo mawu oposa "eya" ndi "zikomo". Ngakhale kusukulu, zaka zochepa zomwe ndinapitako, sindinkakweza mkono. Koma ndinaganiza za diso lija, kuyandikana kwake ndi lezala, ndipo ndinamufungatira mwana.

"Amayi, chambocho chimakhala chitafa kale."

Anandiyang'anitsitsa.

"Kani muli ndi pakamwa? Nanga titani, mchombo uli pomwepo?"

"Kuchipatala. Timufunditsa."

Anatuluka panja. Ndinkaganiza kuti ndawalakwira, mwina andibweza kwathu. Koma anabwera ndi akabaza awiri, poti madzi anali ataphwa. Mwanayo anamunyamula okha.

"Ngati ndi mwambo, ndauphwanya ndine. Asakunenezeni inu."

Kuchipatala cha ku Salima adokotala anati ana ena amabadwa choncho, palibe analakwa. Anadontheza mankhwala, nadula tiulusito ndi kasizasi kakang'ono. Ine ndinayang'ana kukhoma. Nditatembenuka, mwana anali akuphethira, maso ali pa agogo ake.

"Taonani tsoka lake," anatero apongozi, "kuyamba kuona nkhope yanga!" Ankaseka, koma ankapukuta m'maso ndi chitenje.

Mchombo utagwa, lezala lija analimetera mwana tsitsi, pang'onopang'ono, akumuyimbira. Ndimalikumbukirabe dzanja lawo pamutu pake. Linali dzanja lomwe lija, chikondi chomwe chija. Mpaka lero ndikamalankhula nawo ndimayang'ana pansi, koma pa za mwanayu amayamba afunsa ine.